Utsi, udzu ndi ng'ombe pansi pa denga limodzi ku Gutach

Lolemba

Sitima yochokera ku Offenburg imatsata mtsinje wa Kinzig mpaka ku Hausach, kenako njanji imakhotera m'chigwa chopapatiza cha Gutach. Kuyambira mu 2014 pali kasiteshoni pafupi ndi chipata cha Vogtsbauernhof, malo osungirako nyumba zakale za alimi, choncho ngakhale wopanda galimoto amafika bwinobwino. Kuno ndi kum'mwera chakumadzulo kwa Germany, m'mapiri a Schwarzwald omwe ambiri amawadziwa kuti Black Forest. Malowa amakhala otsegula kuyambira chakumapeto kwa Marichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala.

Nyumba imene yatibweretsa kuno, Vogtsbauernhof yeniyeniyo yomwe inapatsa malowa dzina, inamangidwa mu 1612 ndipo ikadali pomwe inamangidwapo. Zinzake zambiri zoizungulira anachita kukaziphwasula kumidzi ina n'kudzazimanganso pano. Ntchitoyi anaitsogolera ndi Hermann Schilli, katswiri wofufuza za nyumba za m'derali, ndipo malowa anatsegulidwa mu 1964.

Mukaima kumunsi n'kukweza maso, chimene mumaona ndi denga. Makoma amangosuzumira pansi pake. M'denga limodzi lomwelo muli zonse: kutsogolo, mbali yoyang'ana kuchigwa, kumakhala anthu, chakumbuyo kuli khola la ng'ombe, pamwamba pa zonsezo pali nkhokwe yaikulu ya udzu wouma. Palibe bwalo loti munthu adutse pochoka kukhitchini kupita kukhola. Chipale chofewa chikatseka njira m'nyengo yozizira, mlimi amadyetsa ziweto, kukama ndi kuphika osaponda panja.

Nzeru yoyamba ili pa kaikidwe ka nyumbayi paphiri. Msana wa denga ukuloza kuchitunda. Kutsogolo nyumba yatalika, koma kumbuyo denga latsala pang'ono kugunda nthaka, moti ngolo yochokera kumtunda imalowa m'denga momwemo. Omanga ankafuna malo okhala ndi kasupe kumtunda kwake kuti madzi azitsika okha, komanso okwererapo ndithu kuti mtsinje ukasefukira usafike pakhomo.

Denga latsetsereka pafupifupi madigiri 45 ndipo kale linkafoleredwa ndi mapesi a rye, mbewu ya gulu la tirigu yokhala ndi mapesi aatali. Kutsogolo lagwera pansi pang'ono n'kuphimba chigawo chakumwamba cha khoma, ndipo mbali zonse latulukira kunja kwambiri. Izi si zokongoletsa ayi. Kuno masana a mu Juni dzuwa limakwera mpaka madigiri 65, pomwe mu Disembala limangofika pa 18. Denga lotulukalo limatchinga dzuwa lokwera la nyengo yotentha, koma dzuwa lotsika la nyengo yozizira limalowa pansi pake n'kuwomba mawindo. Chachikulu kuposa dzuwa ndi madzi. Mvula yotsika padenga imadontha kutali ndi khoma, ndipo moyo wa nyumba ya matabwa wagona pamenepo. Matabwa a makoma ndi akuda, ouma gwa, ndipo nkhuni zounjikidwa m'mbali mwake sizinyowa.

Lachiwiri

Lero lathera m'zipinda ziwiri zokha, khitchini ndi chipinda chochezera.

Mukayang'ana nyumbayi kutsogolo, pakati pa matabwa akudawo pali chigawo choyera cha khoma lomata. Kuseri kwake ndi kukhitchini. Gutach inali m'manja mwa dziko la Württemberg mpaka 1810, ndipo malamulo a zomangamanga a Württemberg a mu 1568 sankafuna kuti malo osonkhapo moto azunguliridwe ndi matabwa okhaokha. Ndiye amisiri anaika khitchini pakati pa zipinda ziwiri zokhalamo, makoma ake n'kuwadzaza ndi miyala ndi dothi pakati pa mitanda. Nyumba zakale za m'chigwa chino mumazizindikira ndi chigamba choyera chimenechi.

M'khitchinimo mulibe chumuni. Mukalowa, maso amatenga kanthawi kuti azolowere, chifukwa makoma ndi mitanda zonse ndi zakuda bii, zonyezimira ndi mwaye wokhuthala, ndipo fungo lake limakanirira m'malaya. Chipindachi n'chachitali kuposa zinzake. Pamwamba pa chitofu pali chivindikiro chachikulu chokhota, cholukidwa ndi timitengo n'kumatidwa dothi. Utsi wotentha ukakwera umagunda pamenepo, mbaliwali za moto zimazima, utsiwo umazizira n'kubwerera pansi pang'ono, kenako umazemba m'mphepete mwa chivindikirocho. Ukatero umakwera pang'onopang'ono, umadutsa pomwe apachika nyama ya nkhumba, umalowa m'denga kudzera m'mipata ya matabwa, n'kumatulukira m'mapesi ndi m'timipata takumwamba.

M'njira monsemo utsi ukugwira ntchito. Nyama yothira mchere imafuna utsi wozizira, wosapitirira madigiri 25. Utsi ukatentha umaumitsa kunja kokha, madzi a mkati amasowa potulukira, nyama n'kuwola pafupi ndi fupa. Mitengo ya denga imakutidwa ndi mwaye ndi phula, ndipo tizilombo toboola matabwa sitiikonda. Mitolo ya mbewu yokololedwa isanaume bwino imamalizira kuuma m'dengamo. Amene anaonapo chimanga cha mbewu chitapachikidwa pamwamba pa moto m'khitchini ya kumudzi, chakuda koma chopanda anankafumbwe, savutika kumvetsa. Kungoti kuno nyumba yonse anaimanga m'njira ya utsi.

Koma tisabise, utsi umenewu unkapweteka anthu. Amayi ndi atsikana antchito ophika tsiku ndi tsiku ankakhala ndi maso ofiira ndi chifuwa chosatha. Kuti utsi ukwere pankafunika mpweya wolowa pansi, kotero m'khitchini munkazizira kumiyendo ngakhale moto ukuyaka. Aliyense woyamikira nyumbazi azinenanso zimenezi.

Chumuni zitayamba kufala, chifuwa chinachepa, koma nyumba zinayamba kudwala mwa mtundu wina, ndipo kadwalidwe kake kamatsatana. Utsi ukasiya kudutsa m'denga, mitengo yatsopano yoikidwa pokonza imakhala yopanda chotchinjiriza, ndipo chinyontho chochokera ku ng'ombe ndi ku udzu sichikhalanso ndi chochithamangitsa. Chumuni chokhacho chimadutsa pafupi ndi udzu wouma. Chikang'aluka, kapena mwaye wa mkati mwake ukayaka, moto umayambira pamalo oopsa kwambiri m'nyumba yonse. Mbaliwali zotuluka kumwamba zimagwera pamapesi. Pothawa zimenezo anthu anachotsa mapesi n'kufolera ndi matailosi adothi, koma matailosi ndi olemera kuposa mapesi, ndipo mapaso omwe anadulidwira katundu wopepuka anayamba kupindika. Kusintha chinthu chimodzi kunakoka zina zitatu.

Chipinda chochezera, chomwe eni ake amati Stube, ndicho chokha chinkakhala chofunda komanso chopanda utsi. Chitofu chake ndi chachikulu, chomangidwa ndi matailosi onyezimira, koma pakamwa pake pali kukhitchini, kuseri kwa khoma. Wosonkha amaikamo mtolo wa nthambi zouma, moto uyake msanga ndi mphamvu, ndipo malawi akatha n'kutsala makala okha, amatseka kachitseko. Dothi ndi matailosi zimamwa kutenthako n'kumakutulutsa pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Zolakwika zodziwika ndi ziwiri. Kutseka malawi asanathe kumadzaza chitofu ndi mpweya wosapsa womwe ungaphe munthu kapena kuphulika n'kung'amba matailosi. Nkhuni zaziwisi zimatulutsa utsi wambiri, kutentha pang'ono, ndipo zimamata phula m'njira za utsi. Pambali pa chitofucho m'nyumba zambiri za kuno mumakhala benchi lamiyala lomwe limafunda ndi utsi wa chitofu chophikira, womwe amaudutsitsa mkati mwake usanapite kumwamba. Moto umodzi wophikira umafunditsanso nsana wa agogo.

Siling'i ya chipindachi ndi yotsika, pafupifupi mamita 2, kuti mpweya wofunda usathawire kutali. Pamwamba pa chitofu pali kabowo kokhala ndi chotsekera, kolowetsa kutentha kuchipinda chogona cha mwini nyumba. Mawindo ali pamzere, mbali ziwiri za ngodya yakunja, timagalasi ting'onoting'ono, ndipo kamodzi kamasuntha kuti munthu asuzumire panja osatsegula windo lonse. Tebulo lili pangodya yowalayo, mabenchi atsata khoma.

Lachitatu

Talowera kumbuyo, kumtunda, momwe ngolo inkalowera. Kuchokera pachitunda pali chikweza cha dothi ndi miyala chothera pa chitseko chachikulu chotsegukira m'denga. Mkati muli msewu wa matabwa okhuthala, wokwanira ngolo yodzaza, ndipo pomwepo ndi pomwe ankapunthira mbewu m'nyengo yozizira. Udzu sunkakwezedwa ndi manja ayi. Ngolo inkalowa pamwamba, anthu n'kumangokankhira udzu m'mbali ndi pansi. Nthawi yodyetsa ikakwana, ankauponyera pabowo lotsikira m'kanjira ka pakati pa khola. Kuyambira kudambo mpaka m'kamwa mwa ng'ombe, udzu ukungotsika. Ndowe nazonso zimatuluka pakhomo la m'mbali n'kupita kumunda wakumunsi.

Kukula kwa denga kumamveka mukawerengera chakudya. Ng'ombe za m'mapiri muno, mitundu ya Vorderwälder ndi Hinterwälder, ndi zazing'ono. Yaikazi ya Hinterwälder imalemera pafupifupi makilogalamu 400. Tiyerekeze kuti imodzi ikudya makilogalamu 10 a udzu wouma patsiku, ndipo kumtunda ziweto zikhala m'khola masiku 200. Amenewo ndi matani 2. Udzu wosapanikiza ndi makina umalemera pafupifupi makilogalamu 60 pa kiyubiki mita, ndiye ng'ombe imodzi ikufuna malo opitirira makiyubiki mita 30. Ng'ombe 15 zikufuna pafupifupi 500, osawerengera mapesi ogonera, mitolo ya mbewu, ngolo ndi makasu. Ndiye denga ili silinakule chifukwa cha matama a mwini wake. Linayezedwa ndi mimba za ng'ombe ndi kutalika kwa chisanu. Udzu womwewo ukadzaza m'denga umakhalanso chofunda cha zipinda za pansi.

Chowopsa cha udzu ndi kudziyatsa wokha. Udzu woyenera kusungidwa uzikhala ndi chinyontho chosapitirira 15 peresenti. Ukalowa uli ndi madzi opitirira 20 peresenti, tizilombo tosaoneka ndi maso timayamba kuudya n'kumatulutsa kutentha, ndipo pakati pa mulu waukulu kutenthako kumasowa kothawira. Masabata oyambirira mutatuta ndiwo ofunika kulondera. Alimi a masiku ano amabaya mulu ndi chitsulo chachitali choyezera kutentha. Pansi pa madigiri 45 palibe vuto. Kuyambira pamenepo mpaka 60 muziyeza pafupipafupi. Pakati pa 60 ndi 70 ngozi yayandikira. Ikapitirira 70 itanani ozimitsa moto, ndipo musafukule muluwo nokha, chifukwa mpweya ukangolowa pakati umabuka malawi. Zizindikiro zina ndi fungo lopserera komanso pamwamba pa mulu pamene paterera mwadzidzidzi. M'nyumba ngati iyi, pomwe ana akugona pansi pa udzu womwewo, kuyanika bwino kudambo sinali nkhani ya chakudya cha ziweto chokha.

Khola ndi lotsika komanso lamdima. Ng'ombe zimaima pamzere, mitu kuloza kukanjira kodyetsera, ndipo kumbuyo kwake kuli ngalande ya ndowe ndi mkodzo. Pamwamba pa khola pali tizipinda ta anyamata antchito, tolowera kukhonde lam'mwamba. Munalibe chitofu m'menemo. Kutentha kwa matupi a ng'ombe ndiko kunkakwera m'mipata ya matabwa.

Koma ng'ombe yomweyo imatulutsa nthunzi yambiri popuma, yaikulu ya mkaka mpaka malita opitirira 10 patsiku, kuphatikizapo mpweya woluma m'mphuno wochokera mumkodzo. N'chifukwa chake pafupifupi m'nyumba iliyonse yakale ya mtundu uwu, chigawo choyamba kuwola ndi khola: mitanda ya pansi, matsinde a nsanamira ndi matabwa oyandikana ndi ngalande. Thabwa likakhala ndi chinyontho chopitirira 20 peresenti kwa nthawi yaitali, nkhungu yowoletsa imamera. Ambiri pofuna kukonza anathira simenti mozungulira matsinde a nsanamira. Kumeneko n'kuwonjezera vuto, chifukwa madzi amalowa pakati pa simenti ndi mtengo n'kusowa pouma, ndipo mtengo umawola mobisika mpaka nyumba itapendekeka.

Pafupi pomwepa pali nyumba ina, Lorenzenhof, ya mu 1608 yochokera ku Oberwolfach, yomwe inathana ndi nkhaniyi mwa njira ina. Khola lake lili pansi, m'chipinda cha makoma amiyala, anthu n'kumakhala pamwamba pake m'nyumba ya matabwa. Miyala sichita mantha ndi mkodzo, ndipo kufunda kwa ziweto kumalowa m'zipinda za anthu kuchokera pansi. Kwa ife imeneyi ndiyo njira yabwino pa ziwirizi, malinga pansi pa chipinda chokhalamo pakhale pothinana bwino kuti fungo lisalowe.

Kanthu kena koyenera kudziwa pa denga la mapesi: likagwira moto, zingwe zomangira zimaduka msanga ndipo denga lonse loyaka limatsetserekera pansi, pakhomo penipeni. Pachifukwa chimenechi pamwamba pa zitseko za nyumba zambiri zofolera mapesi ankamangapo ndi waya kapena kuikapo matailosi, kuti anthu ndi ziweto apeze potulukira.

Lachinayi

Lero tayang'ana mafupa a nyumba. Pansi penipeni pali kamaziko kotsika ka miyala, kongokwanira kutalikitsa mtengo ndi dothi. Pamwamba pake pagona mitanda ikuluikulu yozungulira nyumba yonse. Pangodya, mtanda wina amausongola lilime lodutsa m'bowo la unzake n'kutulukira kunja, ndipo kunjako amakhomerapo chikhomo chamtengo kuti usabwerere. Pamitanda imeneyi ndi pomwe paima nsanamira. Nsanamira iliyonse ili ndi ngalande yosemedwa m'mbali mwake kuchokera pansi mpaka pamwamba, ndipo matabwa a khoma amangowatsetsereza m'ngalandemo, limodzi pamwamba pa linzake. Kuchipinda chochezera matabwawo ndi okhuthala masentimita 6 mpaka 8 kuti asunge kutentha. Kukhola ndi kunkhokwe ndi opyapyala. Mitengo yopingasa yolimbitsa ngodya anailowetsa m'malo osemedwa mofanana nayo, otambalala kumapeto kuti isasololoke, n'kukhomera zikhomo zamtengo. Mitengo yambiri ndi ya fir ndi spruce, ya gulu la paini, yomwe yadzaza mapiri ano. Ankaidula m'nyengo yozizira, n'kuisema ikadali yaiwisi chifukwa nkhwangwa imalowa mosavuta.

Kumanga ndi mtengo wauwisi kuli ndi zotsatira zake, ndipo amisiriwa ankazidziwa. Thabwa pouma silifupika m'litali, koma m'lifupi limanyala. Lotambalala masentimita 30 likhoza kutaya sentimita imodzi kapena kuposerapo. Matabwa 10 ogundana, ndiye kuti mpata wa masentimita 10 wabadwa. Pakhoma vutoli limadzikonza lokha: matabwa sanakhomedwe ndi misomali, choncho amatsika okha ndi kulemera kwawo, mpata wonse n'kusonkhana pamwamba pomwe ndi posavuta kutseka. Wokonza nyumba akawakhomera ku nsanamira, matabwa amalephera kutsika, mipata imatseguka pakati pa lililonse ndi linzake, ena n'kung'aluka.

Pa siling'i ndi pansi matabwa sangatsike okha. Apa ndi pomwe pali kanthu komwe katisangalatsa kwambiri sabata ino. Thabwa limodzi lapakati amalisema losongoka, lopapatiza kutsogolo, lotambalala kumbuyo, ndipo amalisiya lalitali moti mchira wake umatulukira kunja kwa khoma. Matabwa akanyala, mwini nyumba amatuluka ndi chinyundo chamtengo n'kumenya mchirawo. Thabwalo likamalowa limakankhira anzake mbali zonse ziwiri, mipata yonse n'kutsekeka nthawi imodzi. Mukaona kathabwa kotulukira pakhoma pamwamba pa mawindo, musaganize kuti mmisiri anaiwala kudula. Ndipo okonza amene amakadula pofuna kuti khoma lioneke losalala amakhala alanda nyumba chida chake.

Kanyamulidwe ka denga kali pawiri, ndipo zitsanzo zonse zili pano. Hippenseppenhof, nyumba ya mu 1599 yochokera ku Katzensteig pafupi ndi Furtwangen, ili ndi mizati ikuluikulu yoimirira pakati, yonyamula mtanda wa pamsana pa denga, ndipo mapaso apachikidwa pamtanda umenewo. Kamangidwe aka n'kakale, kolimba pa katundu wolemera wochokera kumwamba, koma kamafuna mitengo yaitali yowongoka, anthu ambiri oimika, ndipo mizatiyo imatchinga ngolo m'nkhokwe. Ku Lorenzenhof nsanamira za m'denga zapendekeka motsata kutsetsereka kwa dengalo, kotero kulemera kumapita kumakoma akunja ndipo pakati pamatsala poyera. Ubwino wake ndi malo. Kuipa kwake n'kwakuti denga lotere limakankhira makoma kunja, ndipo chimene chimawagwira ndi mitanda yopingasa ya pansi pa nkhokwe. Munthu akadula umodzi pofuna kuikapo masitepe kapena makina okwezera udzu, makoma amayamba kutanuka, msana wa denga n'kuterera pakati.

Lachisanu

Takwera kupita ku Furtwangen n'kulowa m'chigwa cha Katzensteig kuti tione kumene Hippenseppenhof inachokera. Kumtunda kwa chigwachi, pafupi ndi katchalitchi ka Martinskapelle, ndi komwe kumayambira mtsinje wa Breg, umodzi mwa iwiri yopanga mtsinje waukulu wa Danube, pamtunda wa mamita 1,078. Gutach ili pansi kwambiri, m'chigwa chofunda chomwe mumabala zipatso. Kuno ndi msipu, nkhalango ndi mphepo.

Mukaima kuno mumamvetsa chifukwa chake denga la nyumba ija latsika mpaka pafupi ndi nthaka, komanso chifukwa chake malo okhala anthu anawabisa kumbali ya phiri, khola n'kuliika kuchigwa kuti lilandire mphepo. Chipale chongogwa kumene chimalemera pafupifupi makilogalamu 100 pa kiyubiki mita, koma chikanyowa chimafika pa 400. Theka la mita la chipale chonyowa ndi makilogalamu 200 pa sikweya mita iliyonse. Mizati yapakati ija inali yoyenera malo ano.

Kuno sankafolera mapesi kwenikweni koma timatabwa tating'ono. Timatabwati amachita kung'amba ndi chitsulo motsata mitsempha ya mtengo, osati kucheka ndi sowo. Sowo imadula mitsempha n'kusiya timakomo tolowera madzi, pomwe kong'amba kamatsetsereza madzi pamwamba. Amasankha mtengo wokula pang'onopang'ono, wowongoka, wopanda mfundo. Pofolera, malo alionse azikhala ndi timatabwa titatu tosanjikizana: ngati kathabwa n'kotalika masentimita 60, kooneka kunja kasapitirire 20, ndipo mpata wa pakati pa tiwiri usagwere pamwamba pa mpata wa mzere wapansi. Kunsi kwake kuzidutsa mpweya. Mukayala pulasitiki mogundana nato, timawola kuyambira kunsi.

Mapesi nawo ali ndi malamulo awo. Rye wofolera amamweta ndi manja ndipo pomupuntha amasamala kuti phesi lisathyoke. Wotuluka m'makina okololera ndi wophwanyika, sagwira ntchito. Amafolera kuyambira pansi kukwera, matsinde a mapesi kuloza pansi, kukhuthala pafupifupi masentimita 30. Denga likatsetsereka mochepera madigiri 45 madzi amachedwa kutsika n'kulowa mkati. Poyamba kutha ndi pamsana, kenako mbali yosaomba dzuwa pomwe pamamera ndere. Njere zikatsalira m'ngala, mbewa ndi mbalame zimafukula denga pofuna chakudya.

Loweruka

Tabwerera ku Gutach kudzaona tinyumba tozungulira, tomwe timasonyeza zimene eni ake sankafuna kuika pansi pa denga lalikulu lija. Nkhokwe ya mbewu yaima payokha, mamita 20 kapena 30 kuchokera kunyumba, yokwezedwa kuti kunsi kuzipita mpweya, ya matabwa okhuthala othinana kuti mbewa isapeze polowa. M'menemo munkasungidwa mbewu yodya ndi yobzala, nyama youma, zovala za pachikondwerero ndi makalata a malo. Nyumba yaikulu ikapsa ndi mphezi, banja linkatsala ndi choyambira. Uvuni wophikira buledi, womwe nthawi zambiri unkakhala pamodzi ndi motchezera kachasu wa zipatso, nawonso uli patali chifukwa cha moto.

Pafupi ndi khomo pali kabokosi kamatabwa komangidwa pamwamba pa ngalande ya madzi a kasupe. Madzi ozizira amadutsa pansi usana ndi usiku, miphika ya mkaka itaima m'menemo. Madziwo ankabwera m'mipope ya mitengo yoboola pakati, ndipo akachoka pamkaka ankapita komwera ng'ombe. Kumunsi kuli chigayo ndi macheka oyendera madzi a mumtsinje.

Palinso kanyumba ka okalamba. M'dera lino munda sunkagawidwa pakati pa ana, ndipo kawirikawiri wolowa m'malo ankakhala mwana wamwamuna wotsiriza. Makolo akatula udindo ankasamukira m'kanyumbako kapena m'chipinda chachiwiri chija cha kuseri kwa khitchini, ndipo zimene azilandira, monga nkhuni, mkaka ndi mbewu, zinkalembedwa m'pangano. Kusagawa mundaku ndi kumene kunachititsa kuti nyumba zikuluzikulu chonchi zikhale ndi ziweto ndi nkhalango zokwanira kuzisamalira mibadwomibadwo. Abale ena onse ankatsala antchito a mng'ono wawo kapena kuchoka kukafuna ntchito kwina, ndipo tizipinda tozizira ta pamwamba pa khola tija nthawi zina munkagona ana a m'nyumba momwemo.

Amene mudzafike kuno ndi diso la ummisiri, yenderani nyumba iliyonse motere. Yambani mwaima patali n'kuyang'ana msana wa denga ngati uli wowongoka; ukaterera, pali mtanda woduka kapena nsanamira yowola pansi pake. Kenako tsatani mzere womwe madzi a padenga amadonthera, muone ngati nthaka yake ikutsetserekera kutali ndi khoma, makamaka kumbuyo komwe madzi a m'phiri amatsikira. Mukatero gwadani muone mtanda wa pansi kumbali ya khola, ngati pakati pa iwo ndi dothi pakadali mwala, chifukwa zaka zikamapita dothi ndi manyowa zimakwera n'kuukwirira. M'denga yang'anani ufa woyera wa mtengo pansi pa mapaso. Ufa watsopano ndiye kuti tizilombo tikadali mkati, ndipo kawirikawiri mumaupeza pamitengo yoyera yoikidwa pokonza, osati pa yakuda ija yodutsidwa ndi utsi.